Mashado a ukhansala ku 25 akulonjeza mahampu ndi maloboti, akunena zoona ndi ndani?

NaBanda_25

Abale okhala ku Area 25, 49 ndi mbali zonse za kuno ku Lilongwe ndithandizeni nzeru. Chisankho cha pa 16 September 2025 chayandikira, za pulezidenti ndi MP ine ndinamaliza kale kusankha koma pa khansala pokha mutu waima. Loweruka ma block leader ndi azibusa anaitanitsa mashado a ukhansala pa bwalo la mpira kuno kwathu kuti tiwamve, anabwera atatu, winayo anangotumiza mnyamata kudzanena kuti ali ku maliro. Za zinyalala anakamba, za akuba anakamba, koma pomwe anthu anadzuka m'mipando ndi pa nkhani ya msewu, jamu ya mmawa ija yopita ku Kanengo ndi ku town komanso liwiro la ma sienta ndi njinga zamoto mkati mwa lokeshoni muno.

Woyamba, bambo a chipani china chachikulu, iwo yankho lawo ndi mahampu basi, akuti akangolowa aika mahampu pa sukulu iliyonse, pa tchalitchi, pa msika, paliponse. Anthu anaomba m'manja heve. Wachiwiri ndi mayi oima paokha, iwo anati ayi mahampu akachuluka nde jamu ingokulirakulira, chofunika ndi kupezera ma sienta ndi maminibasi siteji yeniyeni asamangoima pakati pa msewu, komanso amalonda a pa Nsungwi achoke mphepete mwa tala abwerere mkati mwa msika. Apa azimayi a tomato anang'ung'udza, ndinaona kuti mavoti ena awataya pompo. Wachitatu ndi mnyamata wophunzira bwino, chizungu mbwee, iye akuti maloboti pa majankishoni onse, msewu aukuze ukhale wa mizere inayi, ndipo kabaza wopanda laisensi asadzaonekenso mu wodi muno.

Ine vuto langa lenileni ndi kamsewu kafumbi kodutsa kutsogolo kwa nyumba yathu. Kale kumangodutsa njinga zakapalasa ndi anthu a makala, pano ikangokwana 6 koloko mmawa ma sienta akudulira konko pothawa jamu, liwiro lake losaona nkhuku kapena mwana, fumbi koboo moti zovala sitiyanikanso panja mmawa. Ana anga awiri amawoloka pomwepo popita ku sukulu, wamkuluyo ali Standard 5, dzanja limodzi agwira mng'ono wake linalo akweza m'mwamba kuimitsa galimoto, ine ndili pa geti mtima uli thi thi thi mpaka awoloke. Anyamata a mdera anaunjikapo dothi ndi miyala kuti ikhale hampu koma sabata isanathe madalaivala anali atatsegula kanjira pambali akudutsira mphepete mwa mpanda wa aneba.

Nde funso langa ndi loti pa zonse akulonjezazi, ndi ziti zomwe khansala angathedi ndi mphamvu zake ndipo ndi ziti akungotinyengerera nazo mavoti? Komanso mahampuwa amathandizadi kapena mayi aja ndi amene akunena zoona?

Sienta_Yoyera

Mayi ine ndi mmodzi mwa omwe mukuwanenawo, kaya ndimadutsa pa geti panu kaya ayi koma shotikati ndimadula ndithu sindikana. Mundimvetse kaye. Galimoto si yanga, bwana amafuna taget yake madzulo aliwonse osachotsera ngakhale 100 kwacha, kaya kunali jamu kaya kunali maliro kaya ndagona pa filing'i siteshoni kudikira mafuta iye sizimukhudza. Nthawi zina usiku onse uli pa mzere wa mafuta, wawapeza 9 koloko mmawa, anthu opita ku ntchito apita kale, nde maola otsalawo uyenera kupanga matiripi omwe ukanapanga tsiku lonse. Ukalephera mafuta ugule a m'zigubu mtengo wake mukuudziwa. Ndalama yanga ine ndi yomwe yatsala taget ikakwana. Nde mukandiona ndikuthamanga si kuti ndimakonda imfa ayi.

Chinanso chomwe simunena ndi choti ma pasenja omwewo ndi amene amatiuza kuti adala dulani apa tichedwa. Ukatsata msewu wa tala bwinobwino nkuima pa jamu, ena amatsika osalipira nkukakwera njinga.

Pa mashado anuwo ine ndikanakhala wa wodi yanu ndikanavotera mayiwo. Amene amayendetsa galimoto akudziwa kuti jamu ya ku 25 kwambiri imayambira malo omwe timakwezera ndi kutsitsa anthu. Palibe poimapo, ukapatuka pang'ono pali benchi ya tomato, pali wa chipisi, pali wa kaunjika wayala pansi, pali njinga khumi zikudikira makasitomala, nde umangoima pa tala pomwepo, oitanira akukokerana munthu mmodzi, kumbuyo kwako mzere wafika kutali. Ndiye onjezerani ma truck a ku Kanengo, makamaka msika wa fodya ukatsegulidwa mu April malole a mabelo ali ndondondo kudikira kutsitsa ku okushoni, ena a feteleza, ena a chimanga opita ku ma silo. Hampu ingathetse zimenezo?

Ndipo mahampu a dothi omwe mumaunjika m'malokeshonimu, pepani, amatiphera magalimoto. Sienta ndi yofupika, ikadzadza imakhula pansi, ekizozi kuthothoka, mashoko kutha mwezi umodzi, bwana nkumati wawononga ndiwe. Nchifukwa chake timalambalala. Hampu yomangidwa bwino yotakata yopentedwa ine ndilibe nayo vuto, ndimachepetsa liwiro ndekha.

Mphunzitsi_Wopuma

A NaBanda mwafunsa funso lomwe anthu a pa bwalopo anayenera kufunsa mashadowo asanayambe kuomba m'manja. Ndiyesa kulongosola momwe ndikudziwira.

Misewu ya mu Lilongwe si ya mwini mmodzi. M1 ndi misewu ina ikuluikulu ili m'manja mwa Roads Authority, ndipo ndalama zokonzera zimadzera ku Roads Fund Administration, zija amadula pa lita iliyonse ya mafuta komanso za pa ma toll gate a Chingeni ndi Kalinyeke. Misewu ya mkati mwa malokeshoni, kuphatikizapo kanu kafumbiko, ndi ya khonsolo ya mzinda. Kugwira othamanga ndi ntchito ya apolisi a traffic. Ma laisensi ndi COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pa msewu, ndi a ku Road Traffic. Khansala pa zonsezi ali ndi mpando umodzi ndi voti imodzi mu khonsolo. Amakhala nawo m'makomiti, amavomereza nawo bajeti ya mzinda, amapanga nawo malamulo a mzinda omwe amakavomerezedwanso ku unduna, amasankha nawo meya pakati pawo. Cheke sasainira, giredala alibe.

Tsono tiyeni tiwayeze. Mnyamata wa mizere inayiyo akulonjeza za eni. Taonani misewu yomwe yakuzidwa mu mzinda muno, Kenyatta ya mizere 6 ija, interchange ya pa 18, M1 kuchoka pa Crossroads kufika ku Kanengo yomwe ndi thandizo la China, mlatho wa Lilongwe wa thandizo la Japan, zonsezo ndi ntchito za boma lalikulu za mabiliyoni, palibe khansala anakhomerapo msomali. Akhoza kukakuwa kuti ku 25 kukufunika msewu, kukuwako nkwabwino, koma anene kuti ndidzakakuwa osati ndidzamanga. Za kuthamangitsa kabaza wopanda laisensi nazonso si zake, ndi za apolisi.

Bambo a mahampuwo ali pafupi ndi zotheka, poti pa msewu wa khonsolo khansala akhoza kukankha kuti mainjiniya a khonsolo abwere aone ndipo ntchitoyo ilowe mu bajeti. Koma mawu oti paliponse ndi bodza, pa msewu wa Roads Authority sangangodzuka nkuthira simenti. Ndipo kamsewu kafumbi hampu yeniyeni siikhalapo, mvula imodzi yapita.

Za mayi aja, masiteji ndi misika ndiye ntchito yeniyeni ya khonsolo, ndi komwe amatolera ziphaso tsiku ndi tsiku. Pa atatuwa iwo ndi amene alonjeza chinthu chomwe chili pa tebulo la khansala. Kuti adzalimba mtima mavenda akadzayamba kulusa ndi nkhani ina, takhala tikuona amalonda akuchotsedwa m'misewu mwezi uno mwezi wa mawa abwerera, makamaka chifukwa mkati mwa msika malo ndi ochepa ndipo ogula safika.

Chomwe chimatisokoneza a Malawi ndi choti kuyambira 2005 mpaka 2014 tinakhala opanda makhansala, nde tinazolowera kuti mlatho, bokosi la maliro, mjigo, zonse ndi kwa MP, mpaka lero ambiri sitidziwa kuti khansala ntchito yake nchiyani, mashado enanso sadziwa. Koma ulendo uno mpandowu musaupeputse. Mu May 2025 khoti linagamula pa mlandu womwe anakasuma a MALGA, bungwe la makhonsolo, kuti ma MP asamavote m'makhonsolo komanso asamayendetse CDF, thumba la ndalama za chitukuko cha m'madera a ma MP. Zikakhaladi choncho ndiye kuti makhansala 509 omwe tisankhewa mawu awo pa ndalama za chitukuko alemerako kuposa kale. Nde musatumizeko munthu wongodziwa kuvina pa msonkhano.

Jah_Bless_49

kkkkkk nde mukuvutikiranji ndi ma essay, onsewo akangowina simudzawaonanso mpaka 2030. Komanso mwaona mmene malole awo a kampeni akuthamangira? dzulo lina ladutsa apa pa Kaunda road anyamata ali lendelende mbali zonse mbendera m'manja ma speaker ali pa mwamba, liwiro lake ngati ambulansi, nde munthu yemweyo akwere pa nsanja azikati ndithana ndi othamanga mxii. Ine ndikavotera amene lole yake ikuyenda 40

Namwino_wa_Naiti

Ine ndale sindizitsata kwenikweni koma ndimagwira ntchito ku chipatala china mu mzinda muno ndipo zotsatira za liwiroli ndimazilandira ndi manja angawa. Weekend ndi kumathero a mwezi usiku sitikhala pansi, ambiri ndi a njinga zamoto, miyendo yothyoka, mitu yong'ambika, dalaivala alibe helementi pasenja alibe helementi, nthawi zina anakwera atatu mayi ali ndi mwana kumbuyo. Ena ndi oyenda pansi omwe anawombedwa akuyenda mphepete mwa msewu poti poyenda anthu palibe, ngalande mbali iyi malonda mbali iyo. Munthu wothyoka ntchafu amagona pa bedi masabata ambiri mwendo uli pa chitsulo, ndipo nthawi zambiri ndi yemwe amadyetsa banja lonse.

Nde a Sienta_Yoyera za taget ndamva ndipo ndikumvetsa, koma mwana akawombedwa taget imeneyo simukaifotokozera mayi ake.

Pa mahampu ndili pakati. Pa sukulu ndi pa msika akufunika, pamenepo sindikambirana ndi munthu, galimoto yoyenda pang'onopang'ono ikagunda munthu nthawi zambiri timamusoka nkubwerera kwawo, yothamanga timaitana abale. Koma hampu yosapenta yopanda chikwangwani pamalo a mdima nayonso imatibweretsera anthu, wa njinga akubwera usiku sakuidziwa amangouluka. Ndawalandirapo otere angapo, ukafunsa chachitika nchiyani akuti ndinagunda hampu yomwe dzulo kunalibe. Nde a NaBanda anyamata a mdera lanu anachita ndi mtima wabwino koma mulu wa miyala uja usiku ndi msampha.

Chomwe chandidabwitsa ndi choti pa atatuwo palibe watchula magetsi a mumsewu ndi poyenda anthu apansi. Onse akuganiza za galimoto, pomwe anthu ambiri a ku 25 amayenda wapansi kukafika pa siteji. Mukakumana nawonso afunseni zimenezo, ndipo magetsiwo a Mphunzitsi anditsutse ngati ndikunama koma ndi ntchito ya khonsolo.

Kabaza_Boyz

Aliyense akafuna mavoti a anthu a magalimoto amayamba kutukwana ife. Mnyamata wa chizunguyo atithamangitse tikadye kwawo? Laisensi sitikana koma mwafunsa kuti sukulu yoyendetsa, laisensiyo, kulembetsa njinga ndi inshuwalansi zonse pamodzi zikukwana zingati, pomwe njinga yomweyo ndi ya bwana ndipo naye akufuna yake madzulo? Atithandize kuti mitengo itsike kapena tizilipira pang'onopang'ono aone ngati sitikatenga. Helementi ya pasenja ena tili nayo koma azimayi amakana akuti iwononga tsitsi, ena akuti yanunkha thukuta la anthu. Ndipo inu nomwe mukulemba apa mukachedwa ku ntchito mumatikwera nkumati aise thamanga ndikuwonjezera. Jamu ikagwira amakufikitsani ku Kanengo ndi ndani? Ife tilipo ambiri ndipo tinalembetsa, tikavota.

Mai_a_Tadala

Ndikugwirizana ndi a nesi pa za oyenda pansi. Ine ndimakhala ku 49 koma ndimagwira ntchito ku City Centre, misewu yatsopanoyi yatithandiza inde, pa 18 pomwe tinkaima mpaka kutopa pano timangodutsa. Koma taonani zomwe zachitika, msewu ukakula madalaivala phazi limalemera, kuwoloka mizere yonse ija wapansi ndi nkhondo, agogo amaima pakati magalimoto akudutsa uku ndi uku. Ndipo jamu sinathe yangosamuka, magalimoto onse amathamanga pa msewu waukulu nkukaunjikana pomwe wathera polowa m'malokeshoni. Nde mnyamata wa mizere inayiyo ngakhale atapatsidwa ndalama zake, pa Nsungwi pakhale mizere inayi ana a sukulu adzawoloka bwanji? Komanso agumula nyumba ndi mashopu a ndani, chipukuta misozi alipira ndani.

Maloboti nawonso musawadalire kwambiri, magetsi akazima aliyense amakhala mfumu pa jankishoni.

NaBanda_25

Zikomo nonse, a Mphunzitsi mwanditsegula maso, ine ndimaona ngati khansala ali ndi thumba lake la ndalama za misewu. Nde ndikaphatikiza zomwe mwanenazi ndikuona kuti liwiro la pa geti panga ndi jamu ya ku msewu waukulu ndi nkhani imodzi, ma sienta sakanabwera kwathu kuno kukanakhala kuti ku tala kukuyenda. Ndiye kuti tikaika hampu kwathu kokha angosamukira kamsewu ka kuseri kwa aneba, ana a kumeneko nawonso ndi ana.

Komabe mayi aja sanandikhutiritse pa chinthu chimodzi, ana anga sangadikire mpaka siteji idzamangidwe ndi mavenda adzavomere kusamuka, zimenezo zitha kutenga zaka. Ndipo azimayi a tomato aja ena ndi anzanga a ku mpingo, ndikudziwa kuti mkati mwa msika malo anasowa ndi chifukwa chake ali panja, si kuti amakonda fumbi ndi utsi wa magalimoto. Ndimafuna munthu woti anene kuti chaka choyamba hampu yabwino ndi zebra pa masukulu, kenako siteji, ndipo amalondawo ndiwaika apa. Palibe ananena motero, aliyense anagwira kachidutswa kake.

A Sienta_Yoyera ngati mumadutsa pa kamsewu kena kofiira pomwe pali mulu wa miyala pafupi ndi mtengo wa mango chonde mmawa muzichepetsako, ana ovala yunifolomu aja ndi anga.

Sienta_Yoyera

kkk mayi timisewu tofiira ta mango ku 25 ndi tambirimbiri koma ndamva, ndiwauzanso anzanga pa gulupu yathu ya WhatsApp. A nesi mawu anu andilasa, sindiyankha. Koma miyalayo achotse, aike chikwangwani ngakhale cha thabwa cholemba kuti pali ana, ambiri tili ndi ana ifenso.

Chinanso mashadowo akapanga misonkhano aziitanako ma chairman a masiteji, ife ndi a kabaza. Amakamba za ife tilibepo nde adziwa bwanji kuti siteji ikufunika pati. Akaika siteji kutali ndi pomwe anthu amadikirira palibe dalaivala adzalowemo, ndanena lero.

Mphunzitsi_Wopuma

Inde a Namwino, magetsi a m'misewu ya mu mzinda ndi a khonsolo, simunaname.

A NaBanda musadikire voti yokha. Lembani kalata kudzera kwa block leader, isainidwe ndi makolo a mdera ndi komiti ya sukulu, ipite ku ofesi ya za mainjiniya ku khonsolo yopempha kuti adzaone kamsewuko ndi powolokera ana, kope ina musunge yodindidwa. Aliyense amene awine mudzampatse kope yomweyo sabata yoyamba, asadzanene kuti sankadziwa. Pakali pano masukulu ena amaika munthu wamkulu wovala chonyezimira powolotsa ana mmawa ndi poweruka, makolo nkumasinthana, zimenezo komiti ya sukulu itha kuyamba Lolemba lomwe.

Ndipo kampeni isanatseke ma block leader awaitanenso mashadowo, wa ku maliro uja abwerenso. Funso loyamba likhale losavuta, atchule misewu ya mu wodi yanu yomwe ili ya khonsolo ndi yomwe ili ya Roads Authority. Lachiwiri anene komiti ya khonsolo yomwe akufuna kukakhalamo ndi chifukwa chake. Tsiku likadziwika lembani pano, ine ndibwera ndi mpando wanga poti mabenchi a pa bwalo paja msana wanga sugwirizana nawo.